Ndevu Zopaka Kawiri

M'nyumba ya a Chindevu munali lamulo limodzi limene silinaphwanyidwepo chikwatiranireni. M'mawa uliwonse, mkazi wawo akaima pasinki kutsuka makapu a tiyi, bambowo ankabwera chakumbuyo monyang'ama, ngati kuti munthu wa thupi lalikulu ngati lawo angabisale m'kakhitchini kakang'ono choncho, n'kukhuza ndevu zawo pakhosi pa mayiwo, mbali ya kumanzere, m'munsi mwa khutu. Mayiwo ankati, "Chokani apa inu, mukundibaya ndi tsache lanulo!" Koma ankanena akupendeketsa mutu kuti tsachelo lipeze malo okwanira. Zikatero ndiye kuti kwacha. A Chindevu ankanyamula chikwama cha maburashi kupita kukalemba zikwangwani, mayiwo n'kukoleka tepi m'khosi kupita kukatsegula kashopu kawo ka utelala.

Ana awo anakula akuonerera zimenezi, akuchita manyazi m'malo mwa makolo, mpaka onse anachoka pakhomo kukayamba awo mabanja. Lamulo lija linatsala.

Ndiye tangoganizani mmene a Chindevu anamvera m'mawa umene anaweramira pakhosi paja, mkazi wawo n'kulewa. Sikunali kulewa kwa masewera ayi. Mayiwo anakweza phewa n'kutseka khosi lonse, nati, "Tiyi wanu azizira," osatembenuka n'komwe. A Chindevu anamwa tiyiyo ali chiimire, ndipo sanamve kuti muli shuga kapena mulibe.

Kuti mumvetse chimene chinawabaya mumtima, tibwerere m'mbuyo pang'ono. A Chindevu anali wamkulu kwa mkazi wawo ndi zaka zokwanira kuti amiseche apeze poyambira. Awiriwa anakumana pamene bambowo anaitanidwa kukalemba chikwangwani cha saluni ina. Mwini saluni anafuna chithunzi cha mutu wa mkazi wokonzedwa bwino tsitsi, ndipo mmisiriyo, ali pamwamba pa makwerero, ankangosuzumira pazenera pamene panaima mtsikana wina amene ankapaka dayi makasitomala. Chikwangwani chitatha, msewu wonse unaona kuti nkhope ili pamenepo ndi ya ndani. Kuyambira tsiku limenelo mmisiriyo anayamba kumutchula mtsikanayo kuti Dona, ndipo dzinalo linakakamira mpaka ana ndi adzukulu.

Koma mtsikanayo anali ndi vuto. Manja ake anali atang'ambikang'ambika, akutuluka timadzi m'mipata ya zala, chifukwa chosakaniza dayi wakuda tsiku ndi tsiku popanda magolovesi. Zinafika poti sankatha kugwira chipeso. Anasiya ntchito ya saluni akulira, chifukwa ankaikonda, ndipo a Chindevu anaima naye pansi pa chikwangwani chija. Kenako a Dona anaphunzira kusoka, manja anapola, ukwati unachitika, ndipo nkhani ya manja inaiwalika monga timaiwalira matenda akangotisiya.

Ndevuzo a Chindevu sanametepo chimerereni. Ankangozidulira m'mbali. Chibwano chawo palibe amene ankachidziwa, ngakhale mkazi wawo yemwe. Imvi zitayamba kutulukira, ankazizula imodziimodzi ndi zikhadabo, ataima pagalasi la kumalo awo a ntchito, maso akulengeza misozi. Koma imvi sizimva kuzulidwa. Zinachuluka mpaka bambowo anaona kuti akapitiriza atsala ndi chibwano cha nkhuku yosothola.

Tsiku lina anadutsira kushopu ya a Dona kukawasiyira makiyi. Munali mtsikana wina amene ankayezedwa diresi. Mtsikanayo atawaona pakhomo anati mwaulemu, "Atelala, kwabwera bambo anu."

"Bambo anga ndithu," anayankha a Dona, mapini ali pakamwa. "Bambo a ana anga."

Onse anaseka, ndipo amene anaseka mokweza kuposa onse anali a Chindevu. Anatuluka akusekabe. Atangokhota pakona kuseka kunawathera, ndipo miyendo inawatengera kwa mnzawo wakalekale, wometa uja anthu ankamutchula kuti Lumo.

"Iwe Lumo, uli nako kanthu kaja?"

"Kanthu kati?"

"Kaja kobweza zaka."

Lumo anaseka mpaka kugwira mpando. "Iwenso? Munthu unkanyoza anzako kuti akudzipaka polishi wa nsapato!"

"Ine ndine munthu wa penti," anatero a Chindevu akukhala pampando. "Chikwangwani chikafwifwa sitigwetsa, timapaka. Koma pang'onopang'ono, wamva? Kunyumba asadziwe."

Madzulo amenewo a Dona anawayang'ana kamodzi, nangoti, "Mwachedwatu lero." A Chindevu kukhosi kunachita mbee. Mwamuna akaganiza kuti wabisa kanthu kwa mkazi wake amayenda ngati wapambana mlandu, ndipo bambowa anayenda chotero kwa kanthawi ndithu.

Ziwengo sizinabwere ndi phokoso. Kunayamba kuyabwa chabe, a Dona akudzikanda pakhosi uku akupalasa mashini. Kenako panafiira, panatuluka timatuza ting'onoting'ono, mbali ya kumanzere kokha, kuyambira m'munsi mwa khutu kutsikira paphewa. Zinkabwera, n'kuuma, n'kusendeka, n'kudzabweranso. Ndipo sizinkatuluka tsiku limene bambo achokera kwa Lumo ayi, zinkadikira mawa lake kapena mkuja, moti a Chindevu sanaganizeko n'komwe zolumikiza ziwirizi.

A Dona anayamba kuimba milandu zinthu za m'nyumba chimodzichimodzi. Woyamba kuzengedwa anali sopo, ndipo anathamangitsidwa. Kenako mafuta odzola. Kenako kamkanda kachitsulo kamene bambowo anawagulira kalekale, kanavulidwa n'kutsekeredwa m'kabati. Ziwengo zitabweranso, mayiwo anati mwina ndi penti ndi thina wosungunulira pentiyo zimene zimatsalira m'malaya a amuna awo. Apa a Chindevu anadzipereka ndi mtima wonse. Anayamba kusinthira zovala kuntchito, kukwecha manja ndi burashi mpaka kuwawa, kutokosa m'zikhadabo ndi kamtengo ka machesi. Ankafika pakhomo atayera ngati wopita kukafunsira mbeta. Thupi lonse linasambitsidwa ndi kuzengedwa mlandu, kupatula chimene chinali pansi pa mphuno yawo.

Ndiye panafika m'mawa wa kulewa uja.

A Chindevu anaona ziwengo zija, inde, ndipo ankawamvera chisoni mkazi wawo. Koma mtima wa munthu amene akuopa kanthu sumva zifukwa zina. Mumtima mwawo munkangomveka mawu a mtsikana wa diresi uja. Atafika kuntchito anathamangira pagalasi, nakweza chibwano, naona kumizu kwa ndevu kukuyera mbuu. Basi, anadziuza okha, waona imvi. Watopa nayo nkhalamba, ziwengozi wangopezerapo chifukwa. Kunena zoona bamboyu anachita mantha, mantha enieni, akuti mkazi amene anamujambula pachikwangwani wayamba kunyansidwa naye.

Anaganiza kuti Lumo ndi waulesi, amapaka mopyapyala ndiponso amafulumira kutsuka. Choncho anakagula okha kabokosi ka dayi, nasakanizira m'chivundikiro cha chitini cha penti, natenga kaburashi kawo kakang'ono kolembera manambala a telefoni pazikwangwani. Anapaka mosamala, tsitsi ndi tsitsi, monga mmisiri wodziwa ntchito yake. Zitauma anapakanso kachiwiri, pakuti khoma lopaka kamodzi silichedwa kuonetsa zam'kati. Kapepala ka m'bokosimo kankati utsuke ndi madzi ambiri mpaka madziwo aziyera. A Chindevu anakawerenga, napukusa mutu. Ndi mmisiri uti amene amapaka khoma n'kulithira madzi? Anangopukuta m'mbali ndi kasanza konyowa, natuluka ndi ndevu zakuda bii ngati tayala latsopano.

Kunyumba zinthu zinangoipiraipira. A Dona anayamba kumanga mpango m'khosi ngakhale kukutentha. Anasoka nsalu zatsopano za mapilo, zamtundu woderako, nati zoyera zija zawatopetsa kuchapa. Masiku ena, akaona kuti nkhope ya amuna awo yagwa, ankamasula mpango uja n'kupereka khosi, koma ataumitsa thupi ngati munthu wodikira jakisoni. Mawu a tsache aja ankawanena ndithu, koma mutu sunkapendekeka. Kwa a Chindevu chimenechi chinali chowawa kuposa kulewa kuja. Ndipo m'mene chinkawawa, m'pamenenso ankathamangira kukaburashi kawo.

Anthu awiri okondana angathe kuzunzana nthawi yaitali popanda wina kukweza mawu. M'nyumbamo munalibe ndewu. Munali ulemu wokhawokha, wochuluka mpaka kutopetsa.

M'mawa wina a Dona anadzuka diso la kumanzere litatupa, khosi likuchucha timadzi mpaka mpango kumamatira. A Chindevu anawapeza atakhala pawindo akuyesa kulowetsa ulusi pasingano, ulusiwo ukungodutsa pambali. Anayesa, nayesanso, kenako anaika singano pamwendo n'kungokhala.

"Dona, valani. Tikupita kuchipatala."

"Zitha zokha izi. Ndili ndi masuti a anthu."

"Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu munamva kalekale, chitseko osatsegula. Lero nditsegula ndine."

A Dona anakanakana, kukana kodabwitsa kwa munthu wosaopa chipatala, koma bambo anali atatenga kale thumba. M'thumbamo analongedzamo onse oganiziridwa: sopo, mafuta odzola, kamkanda kaja, kabotolo ka thina, tizitini ta penti, mpaka tizidutswa ta nsalu za kushopu. Kabokosi ka dayi kanatsala kuntchito, kuseri kwa galasi.

Dokotala wa khungu anali mayi wachikulire, wa magalasi otsikira pamphuno. Anaona khosi lija, nafunsa mafunso, nayang'ana katundu wa m'thumba mmodzimmodzi mosathamanga. Anapereka mankhwala opaka oti kutupa kuphwe, nati khungu likazizira abwerenso adzayeze. Atabwereranso, anamata timapulasitala tambirimbiri kumsana kwa a Dona, kalikonse kali ndi kadontho ka chinthu chake, nati msanawo usakhudze madzi mpaka adzatimatule. Masiku amenewo a Chindevu ndiwo ankawasambitsa mkazi wawo ndi kathaulo, mikono ndi mapewa, akuzungulira timapulasitala tija mosamala ngati akulemba zilembo m'mphepete mwa chikwangwani. A Dona ankati, "Mukuchedwa inu, madzi azizira," koma sankawalanda kathauloko.

Tsiku lokaona zotsatira, msana wonse unali bwinobwino kupatula malo amodzi. Pamenepo panali patatupa, pofiira, pali timatuza tofanana ndendende ndi ta pakhosi. Dokotala anawaonetsa a Chindevu, kenako anakhala pansi navula magalasi.

"Khunguli, mayi, si nsalu yongophimba thupi ayi," anatero. "Lili ndi asilikali ake amene amalondera nthawi zonse. Sopo waukali, thina, fumbi, madzi a tsiku lonse, zimenezi zimagugitsa mpanda, zimachotsa mafuta a pakhungu n'kusiya ming'alu. Chinthu chikamalowa pa ming'aluyo kawirikawiri, tsiku lina asilikali aja amachitenga kuti ndi mdani. Akatero, basi, saiwala. Zaka zipite zingati, chikangobweranso, ngakhale kadontho, amaitanizana. N'chifukwa chake sizituluka pompopompo. Amayamba asonkhana kaye, mawa kapena mkuja ndiye nkhondo. Kufiira, kutupa ndi kuyabwa kumene mukumvaku ndi nkhondo ya asilikali anu omwe, akumenyera pabwalo lanu."

"Mlandu suwola," anatero a Dona motsitsa mawu.

"Suwoladi. Tsono kapulasitala ka pamene patupapa kanali ndi mankhwala amene amapezeka mu dayi wakuda wa tsitsi. Munagwirapo dayi?"

"Kalekale, ndili mtsikana. Ndinali pa saluni."

"Nanga pano?"

"Tsitsi langa sindidaya."

"M'nyumba mwanu mulibe amene amadaya?"

Pofunsa funsoli, dokotala anavalanso magalasi, ndipo maso ake anakatera pa ndevu za a Chindevu, zimene zinkawala pansi pa getsi la m'chipindamo.   M'kanthawi kochepako zonse zinalumikizana m'mutu mwa bambowo: mbali ya kumanzere, m'munsi mwa khutu, manja ong'ambika a mtsikana wa pa saluni. 

Amene anayankha anali a Dona, ndipo anayankha msanga, nkhope ili gwa.

"Mulibe, adokotala. Ndevu za amuna angazi n'zachibadwa. Kwawo onse ndi otero, amakalamba nazo zakuda. Koma ine ndimasoka nsalu zakuda zambiri, masuti, mayunifolomu. Mwina ndi zimenezo."

Dokotala anawayang'ana onse awiri. "Zimatheka," anatero. "Utoto wina wa nsalu zakuda ndi pachibale ndi dayi. Zikakhala choncho, mufunika kupuma kumashini kwa kanthawi, mwinanso nsalu zoterozo kuzisiyiratu."

"Ndipuma," anatero a Dona.

Liwu limodzi lokhalo linawagwetsa a Chindevu. Anaona mtsikana uja ataima pansi pa chikwangwani, manja atakulunga nsanza, akulirira ntchito imene ankaikonda. Nthawi imeneyo analibe chochita. Lero mkazi yemweyo ankafuna kusiya ntchito yachiwiri, ndipo wom'landa anali iwowo, chifukwa cha kabokosi kobisa kuseri kwa galasi.

"Adokotala," anatero a Chindevu, "mayiwa akunama. Kwathu imvi zimayamba msanga. Bambo anga anandibereka mutu uli mbuu."

"Bambo!" anatero a Dona.

"Ndimadaya. Ndimapaka ndekha, kuntchito."

"Mukapaka mumatsuka bwino?" anafunsa dokotala.

"Ndimapukuta."

"Kupukuta?"

"Ndimapaka kawiri, zikauma n'kupukuta m'mbali."

Dokotala anawerama nayamba kulemba, ndipo analemba nthawi yaitali kuposa mmene mankhwala opaka amafunira, mapewa akugwedezeka pang'ono. Atadzutsa mutu anawauza kuti dayi wosatsukidwa amatsalira pa pilo, pa thaulo, pa kolala, paliponse pamene ndevuzo zakhudza, ndipo kwa khungu limene linam'dziwa kale mdaniyo, kochepako n'kokwanira. "Khungu lanu lakukhululukirani mpaka lero, bambo," anatero, "koma musalidalire. Nalonso tsiku lina likhoza kutopa."

Panja pa chipatalacho panali benchi pansi pa kakhonde. Anakhala pamenepo, thumba la oganiziridwa osalakwa lija lili pakati pawo. A Chindevu anazyolika.

"Munadziwa liti?" anafunsa.

"Tsiku loyamba. Musanalowe n'komwe pakhomo."

"Tsiku loyamba?"

"Bambo, ine ndinakulira m'saluni. Fungo la dayi ndikhoza kulimva m'basi yodzaza. Ndiponso Lumo wanuyo anakusiyirani dontho kuseri kwa khutu, munagona nalo. Nanga nsalu za mapilo zoderako zija mumati ndinasokera chiyani? Zoyera zija zinkadzuka zili mathothomathotho. Ndinati bambowa akaona achita manyazi."

A Chindevu anagwira kuseri kwa khutu, ngati kuti dontholo likadalipo. "Nanga zoti ndi zimene zikukuwengani?"

"Poyamba sindinadziwe. Ndinkati zanga zinali za manja, zinatha kalekale. Koma nditathamangitsa sopo, n'kuvula mkanda, inu n'kukwecha manja mpaka kusupuka, ndinatsala ndi chimodzi."

"Osanena bwanji, Dona?"

"Khoswe wa pamkhate sapheka, bambo. Ndikanamenya bwanji osaswa mkhate? Ndinakuonani tsiku lija kushopu. Munaseka kwambiri. Inu mukaseka choncho ndiye kuti zakupwetekani. Ndiye munabwera madzulo mukuyenda ngati mnyamata, mukuimba mluzu. Ndikanati chiyani? Kuti chotsani, mwakalamba? Ndinati ndipirire, mwina mutopa nazo nokha. Sindinadziwe kuti muyamba kupaka kawiri."

"Ine ndimayesa mwatopa nane," anatero a Chindevu, osawayang'ana. "Mutalewa tsiku lija, ndinati waona imvi kumizu. Ndinati nkhalambayi yayamba kumunyansa."

A Dona anatembenuka thupi lonse, pakuti khosi linali lisanayambe kulola kutembenuka lokha. Anayamba ngati aseka, koma diso lotupa lija linadzaza misozi, ndipo mawu anatuluka aukali.

"Kundinyansa? Inu muli bwino m'mutu? Imvi zimenezo ndazigwirira ntchito ine! Zina ndinakupatsani ndine ndi pakamwa pangapa, zina anakupatsani ana anga. Ndakhala ndikuzidikira zaka zonsezi, kuti tsiku lina ndidzakhale ndi nkhalamba yangayanga pakhonde. Zangoti zatuluka, inu n'kukazikwirira ndi penti ngati khoma la chimbudzi!"

Mayi wina amene ankadutsa ndi mwana kumbuyo anacheuka. A Chindevu anaseka, ndipo ulendo uno kunali kuseka kwapansipansi, konyowa, kopukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero a Dona akufunafuna kampango m'chikwama. "Ife tikanafera limodzi, awiri, una umodzi."

Madzulo a tsiku lomwelo a Chindevu anakakhala pampando wa Lumo.

"Chotsa zonse."

"Zonse zitizo?"

"Zonse. Mpaka pakhungu."

Lumo anazimitsa wailesi. Anamva nkhani yonse makina ali m'manja, ndipo mwa ulemu wa chinzake anayesetsa kusaseka mpaka pamene anamva za kupaka kawiri. Atapezanso mpweya anati, "Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Bwera kuno ndikuzimire." Ndevu za zaka zonse zija zinagwera pansalu mulu wakuda, ndipo a Chindevu anatsinzina mpaka ntchito itatha.

Atafika pakhomo anagogoda, chinthu chimene sanachitepo panyumba pawo pomwe. A Dona anatsegula, nayang'ana, nabwerera m'mbuyo. Pamaso pawo panaima munthu wa kachibwano kakang'ono, kotuwa, kobwerera m'kati, kokhala ndi kadzenje pakati.

"Mukufuna ndani, achimwene?"

"Musayambe, Dona."

"Mayo ine! Ndiye ndinakwatiwa ndi kameneka? Zaka zonsezi mumabisa kameneka?" Anaseka mpaka kutsamira chitseko, kenako anatambasula dzanja nakhudza kadzenje kaja ndi chala, mofatsa. "Ka mwana wathu wotsiriza," anatero. "Ndinkadabwa kuti anakatenga kuti."

Mapilo akale anatayidwa pamodzi ndi nsalu zake zoderako. Mathaulo ndi malaya anachapidwa mobwerezabwereza. Kabokosi ka kuseri kwa galasi kanapita kudzala, ndipo kaburashi kaja a Chindevu anakataya nako, ngakhale kanali kabwino. Khosi la a Dona linauma, linasendeka, linasiya chipsera choderako chimene chinkazimirira pang'onopang'ono. Diso linaphwa, ulusi unayambanso kulowa pasingano, masuti akuda anasokedwa popanda vuto lililonse. Kamkanda kaja kanatulutsidwa m'kabati, mlandu utakathera.

Ndevu nazo zinamera, monga ndevu zichitira. Zinatuluka zoyera mbee, zoyera kuposa mmene mwini wake ankaopera, pakuti pansi pa penti paja ukalamba sunaime kudikira. Ana a mumsewu anayamba kuwapatsa moni wa agogo, ndipo a Chindevu anapeza kuti munthu safa nawo moni umenewo.

Koma lamulo la m'mawa lija silinabwerere. A Chindevu ankalowa m'khitchini, n'kutenga kapu yawo, n'kukakhala patebulo. Ankayang'ana khosi lija chapatali, chipsera chija chili m'munsi mwa khutu, ndipo ankakumbukira kuti anachilemba ndi iwo. Dokotala anali atanena kuti ndevu zatsopanozi zilibe vuto. Mutu unamva, koma mtima unkaopabe. Munthu amene wapweteka chimene amachikonda sakhulupirira msanga manja ake.

M'mawa wina a Dona anaima pasinki opanda mpango. Makapu anali awiri okha, koma madzi anangopitirira kutuluka. Anatsuka kapu, naitsukuluza, naiyang'ana pawindo, naibwezeranso m'madzi. A Chindevu anamaliza buledi wawo, namanga zingwe za nsapato, nayang'ana m'chikwama cha maburashi, mayi akadali pa kapu yomweyo.

"Bambo," anatero a Dona osatembenuka, "kapu imeneyi nditsuka mpaka liti?"

A Chindevu anaika chikwama pansi. Anayenda monyang'ama, mtima ukugunda ngati tsiku lija la pamakwerero, nawerama, nakhuza ndevu zoyera zija m'munsi mwa khutu la kumanzere, mopepuka, mwamantha.

"Chokani apa inu," anatero a Dona, "mukundibaya ndi tsache lanulo."

Ndipo anapendeketsa mutu, kapu ili m'manja, madzi akungotayika.